Mano a Apongozi ndi Chimanga cha Mawanga

Zaka zimene tinayenda sindizidziwa bwino. Mkazi wanga Mwatitha amati zinali zisanu ndi zitatu, ine ndimati zinaposa, koma pa zowerenga sindilimbana naye. Chimene ndikudziwa n'chakuti nthawi zonse kunali masika. Ndikatsinzina ndimaona msewu wafumbi, maluwa achikasu a deliya mbali zonse ziwiri, mikukwe itaima m'minda, ndi kumbuyo kwa duku la apongozi anga m'kagalasi ka galimoto.

Mlandu unali wanga, ndisabise. Ndinali mkamwini pamudzi pa aNazimbiri, amayi ake a Mwatitha, ndipo ndinkafuna anthu aziti mkamwini uyu ndi munthu. Nditayendetsa malole kutauni zaka zingapo, ndinabwerako ndi kapikapu kakale ndi malata. Ndinagwetsa khitchini ya apongozi, yaudzu, yakuda bii ndi mwaye, n'kumanga ya njerwa zowotcha, yachumuni. Utsi unkatuluka mowongoka kupita kumwamba, mkatimo kuli mbee. Anthu ankabwera kudzaona, ine n'kumayenda chotukula mapewa.

Pa mtanda wa khitchini yakale ija ndi pomwe pankakhala mbewu. Chinali chimanga chamakolo, cha njere zazing'ono zolimba, choyera koma cha mawanga ofiira. ANazimbiri anachilandira kwa amayi awo, amayi awonso kwa amayi awo. Masika aliwonse ankasankha zikonyo zabwino, n'kuzimanga ziwiriziwiri ndi makoko ake, n'kuzipachika pamwamba pa moto kuti utsi uzizifukiza mpaka mvula idze. Ine ndinazipachika bwinobwino m'khitchini yatsopano, pa waya wonyezimira. Koma utsi ndinali nditauonetsa njira ina. Mvula yoyamba itagwa, apongozi anatsitsa zikonyo zija, ndipo choyamba chimene anagwira chinangoti fwaa m'manja, ufa wokhawokha. Anankafumbwe anali atachita phwando. Cha m'nkhokwe tinali titadya chonse poti mvula inadula msanga chaka chimenecho, ndipo anzathu pamudzi anali atasiya kalekale mbewu zamakolo.

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, salankhulana okha. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Choncho sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Anangoitana mwana wawo, ine ndili kuseri kwa nkhokwe, ndikumva zonse.

"Uwauze amuna akowo kuti khitchini yawo ndi yokongola," anatero apongozi. "Uwauzenso kuti mano anditsalira asanu ndi awiri. Asanathe ndikufuna ndikukute dowe wa mbewu ya amayi anga. Akatha ndisanadye, basi, ine ndi iwowo tidzangokhala anthu otunga madzi pachitsime chimodzi."

Mwatitha anabwera kuseri kuja akupukuta manja. "Akuti khitchini ndi yokongola."

"Ndamva zonse, make Ndaziona."

Mtima unandiwawa, ndipo ndinachita manyazi moti sabata yonse ndinkadyera kumunda. Amene anandidzutsa ndi Mwatitha yemweyo. Anati amayi ake ali achitsikana ankaumba miphika n'kumayenda nayo pamutu midzi ndi midzi, ndipo paliponse pomwe analandiridwa ankasiya chikonyo chimodzi. Ankati kupatsa n'kuika. Mayina a midziyo anali atawaiwala. Ankangokumbukira kuti kwina kunali mlatho wamatabwa, kwina nsungwi zambiri, kwina mayi woseka atagwira m'mimba.

Tinadikira masika, poti ndi nthawi yomwe chimanga cha munthu chimakhala poyera. Vuto linali pokhala. Kutsogolo kwa pikapu kunkakwana atatu, koma apongozi angakhale bwanji mapewa akugundana ndi a mkamwini? Tinamangirira mpando wandalema kumbuyo ndi zingwe, ndipo iwo analamula kuti uyang'ane komwe tikuchokera kuti asamandione nkhongo. Mwana wathu Ndaziona, yemwe nthawi imeneyo mawere anali asanamere, anakhala nawo pa matumba. Mwatitha anakhala pawindo, mutu theka panja, kuti azilandira mawu kumbuyo n'kundipatsira. Pachitseko chakumbuyo ndinalemba ndi penti dzina la galimoto: Tifika.

Munthu woyang'ana kumbuyo amazindikira mphambano ataidutsa kale. Ndiye ulendo wathu wonse unali wa mawu amodzi. Denga linkalira katatu, gu gu gu, kenako mawu a apongozi: "Uwauze kuti apitirira." Ine n'kubweza. Nthawi zina tikabwerera ankati ayi, si pano, mtengo uja unali wa mkuyu. Mwatitha ankaseka mpaka misozi, ine ndikuluma mlomo.

Mudzi wa mlatho wamatabwa tinaupeza dzuwa lili paliwombo. Anthu onse anali kumunda kwa bambo wina wamtali, dzina lake Kamwaza, kudula chimanga. Titafotokoza chimene tadzera, iye anandiyang'ana kuyambira ku nsapato.

"Za mbewu tikambe dzuwa likapendeka, achimwene. Panopa tengani chikwanje."

Mkukwe wanga woyamba unagwa ndisanatembenuke. Amayi a m'mundamo anaimba nthungululu zondiseka. Kamwaza anandigwira dzanja n'kundionetsa kuti sudula zonse. Umasiya mapesi anayi ali chiimire ndi mizu yake, n'kuwamanga pamodzi kumutu, ndipo odulawo amatsamira pa amenewo. Pomwe dzuwa linkapendeka ndinali nditaimika mikukwe isanu ndi umodzi, msana ukuyaka, khosi likuyabwa, koma ndikuimba nawo nyimbo yomwe sindinkaidziwa.

Tinayala mphasa ziwiri, ina mbali iyi ya Tifika, ina mbali inayo. Apongozi ankadyera uko, ine kuno, galimoto pakati, ndipo pansi pake ndinkangoona mapazi awo. Kunabwera maungu ophika, mtedza wauwisi ndi thobwa m'zipanda. Kenako mkazi wa Kamwaza anabweretsa chikonyo cha mawanga ofiira. Mwatitha anachipititsa kuseri kwa galimoto. Ndinamva apongozi akutonola njere imodzi, n'kuiluma.

"Uwauze kuti mdzukulu wa chimanga cha amayi anga ndi yemweyu, koma wakulira kutauni. Mawanga ndi omwewo, koma ndi wofewa. Wakwatirana ndi cha m'sitolo." Ndinawamva akulavula. "Uwauzenso kuti atsala asanu ndi limodzi."

Dzino linali litatsalira pa njere ija. Kuyambira tsiku limenelo Mwatitha anawaletsa kuluma chimanga chouma, koma iwo ankaluma mobisa, atafunda chitenje kumutu. Apa ndinaona kuti ulendo womwewo ndi umene unkadya mano amene tinkathamangitsana nawo.

Tinabwerera kwathu ndi maungu odzaza kumbuyo, mpando wa apongozi uli pakati pake. Mvula inagwa, tinalima cha m'sitolo, tinakolola msangamsanga, ndipo deliya atangoyamba kuchita maluwa ndinapopa matayala.

Chaka china tinafika kudera la nsungwi. Tifika anatentha injini pa chitunda, ndipo tinamukankha tonse kupatula apongozi, omwe anakhalabe pampando wawo akutafuna msale n'kumatiuza kuti tikukankha ngati anthu odwala. Pansi pa chitundacho panali nkhalamba ina yoluka nkhokwe, ya zala zokhakhala. Sinafunse kuti ndife yani. Inandipatsa mpeni n'kundilozera mulu wa nsungwi. Tinakhala kumeneko masiku omwe sindinawawerenge. Ndinaphunzira kuwaza nsungwi kuti ing'ambike mofanana mpaka kunsonga, ndi kuluka mozungulira uli mkati, mpaka khoma litakupitirira mutu ndipo ukufunika makwerero kuti utuluke. Nditaiuza nkhani ya khitchini yanga, nkhalambayo inasiya kuluka n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye inu munathamangitsa mlonda n'kumadabwa kuti akuba alowa? Utsi umaliza m'maso, inde, koma ndi umene umasunga chaka chamawa."

Chimanga cha kumeneko chinali cholimba ngati mwala, chokonola bwino, koma choyera mbee chopanda banga. Kuseri kwa galimoto kunamveka mawu: "Uwauze kuti si chimenechi. Koma misale yawo ndi yotsekemera, atengeko." Tinanyamula mtolo wonse.

Midzi inayamba kufanana. Mlatho wamatabwa uja tinauoloka m'madera atatu osiyana, ndipo paliponse thabwa lachisanu linali losweka. Munthu wamtali wa chikwanje ndinakumana naye kangapo, dzina lili lina koma maso omwewo. Paliponse tinkati odi, ankatipatsa ntchito, kenako chakudya, kenako chikonyo. Ndinaphunzira kuzula mtedza osasiya m'nthaka, kupakira ngolo kuti ng'ombe zisalemedwe pakhosi, ndi kumweta tsekera. M'matauni ang'onoang'ono a msewu umodzi tinkaima kumwetsa galimoto, Ndaziona n'kumagula zitumbuwa zotentha, agogo ake n'kumazinyoza koma akudya. Mphepo ya mwera inkayamba kuwomba, milomo inkauma, fumbi linkalowa m'tsitsi, ndipo kumbuyo kunkamveka nyimbo za awiri, mawu ena okalamba, ena akukula chaka ndi chaka.

Mayi woseka atagwira m'mimba uja sitinampeze. Nyumba yake inali itagwa, pamalopo patamera nkhwani. Ana ake anati anamuika zaka ziwiri zapitazo, ndipo mbewu yake inatha naye. Tsiku limenelo apongozi sanatumize mawu aliwonse. Anatsika pampando, anatenga dengu, n'kupita kukakunkha m'munda wa mnzawoyo pamodzi ndi ana ake, kutola tizikonyo totsalira m'mapesi. Ine ndinatsala ndi amayi ena omwe ankafutsa masamba a khobwe, ndipo anandiphunzitsa kusoka chikwatu ndi masamba a msuku, akundiseka kuti zala zanga ndi za chiwongolero. Pobwerako apongozi anali akuseka ndi ana aja, onse atagwira m'mimba.

Ndinene zoona. Panali masika ena omwe ndinkaiwala chimene tikufuna. Ndinkakondwa basi. Ndinkakonda kudzuka mame ali paudzu, Mwatitha akumanga mbatata zootcha m'kansalu, Tifika akutsokomola kenako n'kuvomera. Ndinkakonda mapazi aja pansi pa galimoto, zala zake zikuvina chakudya chikakoma. Pamsewu wopanda anthu ndinkaphunzitsa Ndaziona kuyendetsa, denga likulira gu gu gu. Ndiye tili pakati pa chisangalalo, Mwatitha ankandinong'oneza kuti atsala asanu, kenako anayi, ine n'kukankhira mbale kumbali.

Masika ena, ndikumanga mpando kumbuyo, Mwatitha anaima pafupi nane osaseka.

"Bambo a Ndaziona, atsala awiri. Lapamwamba ndi lapansi, okumana. Koma lapansilo likugwedera."

Ndinakhala pa tayala. Midzi yonse yomwe apongozi ankaikumbukira tinali titaimaliza. Kenako ndinamva ndodo yawo ikubwera, n'kuima mbali ina ya galimoto.

"Uwauze kuti kuli kwina komwe sindinanene," anatero. "Kumeneko sindinapatse munthu chikonyo. Kunali mayi wina wamwano, Nachanza. Anagogoda mphika wanga ndi chala pamaso pa anthu n'kunena kuti ndi wong'aluka. Anautengabe, koma atandipempha chikonyo ndinamumana. Ndi munthu yekhayo amene ndinamumana chibadwire. Koma nditafika kumtsinje ndinapeza mtanga wanga wapepuka. Chikonyo chimodzi panalibe."

"Amayi, zaka zonsezi bwanji osanena?" anafunsa Mwatitha.

"Ndikapemphe kwa wakuba? Iwe, kwera tizipita."

Msewu wa kumeneko unkachepa pang'onopang'ono mpaka unasanduka njira ya ngolo, kenako ya mbuzi. Ndaziona, yemwe tsopano anali namwali wamtali kuposa amayi ake, anagwira chiwongolero, ine ndikuyenda patsogolo kuchotsa miyala. Tsiku limenelo denga silinalire ngakhale kamodzi. Tinazungulira phiri, ndipo kuseri kwake kunali nyumba imodzi, nkhokwe imodzi, ndi kakhitchini kaudzu kotuluka utsi mbali zonse.

Pakhonde panali kamayi kakang'ono kokalamba, kakusenda nyemba mu lichero. Sikanadzuke. Kanayang'ana galimoto, kanayang'ana mpando uja ukutembenuzidwa, kenako kanaphimba maso ndi dzanja poteteza dzuwa.

"Mwabwera kudzatenga chimanga chanu, aNazimbiri, kapena mwabweretsa miphika ina yong'aluka?"

"Ndadzaona ngati akuba amakalamba, aNachanza."

"Amakalamba. Khalani pansi, miyendo yanu ndikuimva kulira kuchokera kuno."

Ndinkaganiza kuti pabuka ndewu, koma nkhalamba ziwirizo zinagwirana manja n'kuyamba kuseka, zikupukuta m'maso ndi nsonga za zitenje. ANachanza anatilowetsa m'kakhitchini kaja. Utsi unandiluma m'maso. Pamafuwa panali mphika wakuda ukuwira.

"Wanu uja ndi umenewu," anatero aNachanza. "Sunadonthepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinkangofuna mundiikire banyira pamwamba pa mphikawo, inu n'kupsa mtima."

Nditakweza maso ndinaona pa mtanda zikonyo zomangidwa ziwiriziwiri, zakuda ndi mwaye. Anatsitsa chimodzi n'kuchipukuta pa chitenje. Njere zazing'ono, zoyera, mawanga ofiira. ANachanza anati poopa kuti anthu angazindikire chimanga chakuba, sanachibzale pafupi ndi minda ya ena. Ankachibzala kuno kuseri kwa phiri, pa kasupe, komwe kulibe chimanga china choti chikwatirane nacho. Anakwatiwa, anafedwa, anthu anasamukira kumsewu, iye anatsala ndi munda wake wobisika.

"Musalume chouma, amayi," anachonderera Mwatitha.

"Alumirenji chouma?" anatero aNachanza. "Pa kasupe ndimabzala kawiri. Chachiwiri ndevu zauma dzana. Mnyamata wamkuluyu apite akathyole."

Mnyamata wamkuluyo ndinali ine, wa imvi m'mutu. Ndinathamanga. Kadimbako kanali kobiriwira pakati pa phiri louma, ndipo ndinathyola zikonyo zisanu. Anaziotcha pabwalo pa moto wa zitsononkho, dzuwa lili pamutu. Fungo litayamba kumveka ndinachita monga mwa masiku onse. Ndinatenga mphasa yanga n'kukakhala mbali ina ya Tifika, n'kumayang'ana mapazi pansi pa galimoto.

"Bambo a Ndaziona."

Anali mawu a apongozi. Ndinadikira kuti anene kuti uwauze. Sananene.

"Ndikunena inuyo. Bwerani kuno muone, mungadzanene kuti sindinadye."

Ndinadzuka. Ndinazungulira galimoto, ndinagwada patali, maso pansi.

"Fumbi mwaliona zaka zokwanira. Kwezani maso."

Ndinakweza. Zaka zonse zomwe ndinakhala pamudzi pawo ndinali ndisanawaone bwino kumaso. Anali ndi mphuno ya Ndaziona, ndi kachipsera pachibwano, ndi maso a munthu wokonda kuseka anzake. Anatenga dowe, anamuuzira, n'kumuika pakati pa mano awiri aja. Ankachotsa njere imodziimodzi, mosafulumira, atatsinzina. Anamaliza mzere umodzi, anayamba wachiwiri, ndipo misozi inatsika m'masaya osaipukuta.

"Ndi chimenechi," anatero. "Amayi anga ndi amenewa."

Pakati pa mzere wachitatu anaima. Anachotsa chikonyo kukamwa, ndipo dzino lapansi lija linali litatsala pomwepo, litaima pakati pa njere. Analiyang'ana, analizula, n'kuliika mu lichero la aNachanza.

"Lagwira ntchito yake. Ili ndi banyira wanu uja."

ANachanza anaseka mpaka kugona chammbali. Apongozi anathyola chikonyo chija pakati, n'kutambasula dzanja kwa ine, osadzera kwa Mwatitha. Ndinalandira ndi manja awiri. Chinali chotsekemera, cholimba pang'ono, chonunkhira utsi. Ndinadya pamaso pawo, ndikulira ngati mwana, ndipo sindinachite manyazi.

Ponyamuka, aNachanza anatsitsa zikonyo khumi ndi ziwiri zakuda n'kuziika pamiyendo pa mnzawoyo. Apongozi anazipereka kwa ine.

"Mukazipachika kuti, mwana wanga?"

"Ndikamanga ina, amayi. Yaudzu, yopanda chumuni. Tsekera ndimadziwa kumweta."

"Chabwino. Ndipo chaka chamawa tidzanyamuke msanga. Kwa Kamwaza kukufunika chikonyo, kwa nkhalamba ya nsungwi, kwa ana a mnzanga uja, konse komwe tinadya maungu. Chinthu chosungira pamtanda umodzi mwaona nokha." Anagogoda pansi pa galimoto ndi ndodo. "Ndaziona ayendetse. Inu khalani kuno."

Ndinakwera kumbuyo n'kukhala pa thumba, pambali pa mpando wandalema. Aka kanali koyamba kuona msewu monga ankauonera iwo. Zinthu sizinkabwera, zinkapita. Kamayi kaja kanachepa kakutibayibitsa ndi lichero, phiri linatseka, kenako minda, mikukwe, ngolo yodzaza chimanga, ana otafuna misale m'mbali mwa njira, zonse zinkakhala nthawi yaitali m'maso zisanazimiririke m'fumbi. Zikonyo ndinazifungatira pachifuwa, malaya onse mwaye.

Dzuwa litapendeka tinadutsa mphambano ya mtengo wa mkuyu, yolowera kwathu. Apongozi anandikodola ndi chigongono.

"Apitirira."

Ndinadzuka kuti ndimenye denga, koma anandigwira malaya n'kundikhazika pansi.

"Asiyeni," anatero. "Kunyumba sikuthawa."